Feteleza wa Amalume

Mayi anga anatchola tiyi wa pa esiteti kuyambira ali mtsikana mpaka msana unawakana. Atasiya ntchito anatsala ndi kamunda kawo ka tiyi kuseri kwa nyumba, kotsetserekera kumtsinje, kamene anasiyiridwa ndi mayi awo. Masamba ankagulitsa ku esiteti komweko, monga ankachitira alimi ena ang'onoang'ono a m'mudzi mwathu. Bambo anatisiya kale. Ine ndinkagwira ntchito kufakitale ya tiyi, kuchotsa timitengo m'masamba owuma, ndipo ndinkakhala nawo mayiwo pamodzi ndi ana anga. Kamundako ankakakonda mopitirira. Akadzuka ankayamba akaona tiyi, kenako n'kumadzafunsa ngati ife anthu tagona bwino.

Chaka china kunabwera alangizi a ku esiteti, mayi wamtali woyenda pa njinga yamoto, amene anasonkhanitsa alimi pamalo oyezera masamba. Anati ogula a kunja akufuna tiyi wa oganiki, kutanthauza tiyi wolimidwa popanda feteleza wa m'sitolo ndiponso popanda mankhwala, ndipo amamugula pa mtengo wabwinoko. Koma munda sungangodzuka m'mawa n'kukhala wa oganiki. Uyenera kukhala zaka zitatu osalawa feteleza ngakhale kambewu kamodzi, ukudya kompositi wa pakhomo ndi manyowa ovomerezeka okhaokha, a m'matumba a chidindo. Zikatha zakazo amabwera oyendera, ndipo akakhutira amaimika chikwangwani chobiriwira pamutu pa munda. Munda ukalawa feteleza pakati panjira, umayambiranso pachiyambi.

Bambo wina wachikulire anakweza mkono. "Ndiye kuti mundawo ukhala ngati walowa kalasi ya ubatizo? Ukachimwa ubwerera m'mbuyo?"

Anthu anaseka, alangizi nawo anaseka n'kuvomera, ndipo mawuwo anakhazikika. Kuyambira tsiku limenelo kwathu sitinkanena kuti munda ukusinthidwa. Tinkati munda uli m'kalasi. Mayi anga, amene sanajombepo kutchalitchi kupatula atagonekedwa m'chipatala, anazimvetsa msanga kuposa aliyense. Analembetsa m'gulu la alimi a oganiki tsiku lomwelo, osandifunsa n'komwe.

Matumba oyamba atafika tinathamangira kukaona. Tinkayembekezera zinthu zodabwitsa. Titamasula tinapeza timibulu takuda, tonunkha khola. Zinali zitosi za nkhuku zosakaniza ndi zina, zowumitsidwa n'kuumbidwa bwinobwino, ndipo pathumba panali chidindo chosonyeza kuti zinayezedwa, mulibe chilichonse cha m'sitolo. Ine zinandiwawa pang'ono. Ndinalekezera sukulu panjira, ndilibe pepala lililonse, koma zitosi za nkhuku zinali ndi satifiketi! Ndinkawatcha manyowa ophunzira. Mayi ankawasunga m'chipinda mwawo kuopa mvula, moti zovala zawo zonse, ndi za Lamulungu zomwe, zinkamveka kafungo kameneko.

Kalasi inali yowawa. Tiyi wozolowera feteleza ali ngati munthu wozolowera shuga wambiri m'kapu: ukamuchepetsera amanyanyala. Chaka choyamba masamba anachita chikasu, nsonga zinkaphuka mwaulesi, ndipo dengu limene mayi ankadzaza dzuwa lisanakwere linkafika masana lili pakati. Manyowa ophunzira aja sagwira ntchito mothamanga. Amayamba adyetsa nthaka, nthaka n'kumadzadyetsa tiyi pambuyo pake. Alimi ena anatopa, nabwerera ku feteleza wawo. Ine ndinkalalata tsiku ndi tsiku kuti tikuvutikiranji, koma mayi ankangondiyang'ana ngati wailesi yosokosera.

Anakumba ngalande kumtunda kuti madzi ochokera m'munda wa chimanga wa oyandikana nawo asalowe mwawo. Anadzala udzu wa vetiva m'malire monse. Udzu wa m'mizere ankazula ndi manja, n'kuuyala pansi pa tiyi pamodzi ndi nthambi zodulidwa. Munthu akabwera kudzacheza atavala nsapato zakumunda ankamuimitsa pamsewu. Mtengo wabwino uja ankaufuna ndithu, sindinganame, koma chimene chinkawadzutsa m'mawa chinali china. Mawondo awo anali atayamba kutupa, ndipo ankadziwa kuti zaka zawo zotchola zatsala pang'ono.

"Moyo wanga wonse ndatchola tiyi wa eni ake," ankatero. "Ndikufuna dengu loyamba la oganiki la m'munda mwanga nditchole ndekha, ndisenze ndekha mpaka pasikelo. Zikatero basi, mawondowa achite zimene akufuna."

Pofika chaka chachitatu nthaka inali itada, yofewa, ya nyongolotsi, ndipo tiyi anayamba kubwerera mwakale ngakhale sanafike pa msinkhu wa tiyi wa feteleza. Oyendera ankayembekezeka mvula ikatha. Tinali titatsala pang'ono.

Tsopano ndinene za amalume. Ndi achimwene awo a mayi, aakulu, ndipo ndiwo mwini mbumba: chilichonse chogwera mayi ndi ife ana awo amati chagwera iwo. Anagwira ntchito pa makina ogayira tiyi kwa zaka zambiri mpaka makutu anagontha, moti polankhula nawo umachita kukuwa ngati ukuitana munthu wa kutsidya. Atapuma anakakhala kwa akazi awo cha ku Thekerani, kumene amalima chimanga. Kumeneko za oganiki sizinafike. Mayi anayesapo kuwafotokozera ulendo wina, koma iwo anangomva zoti mlongo wawo akuthira zitosi za nkhuku m'munda wa tiyi, ndipo anapukusa mutu mwachisoni. Kwa iwo munthu wothira zitosi ndi munthu amene wasowa pogwira. Anachoka msanga tsiku limenelo, ife n'kumaganiza kuti atopa.

Mvula yoyamba itangogwa chaka chimenecho, mayi anadwala chibayo. Anagonekedwa kuchipatala cha ku Boma, ine n'kumagona pansi pambali pa bedi lawo. Amalume anabwera kudzawazonda, anakhala pang'ono, nafunsa mokuwa kuti kunyumba kuli ndani, odwala onse m'chipindamo n'kutembenuka. Tinawauza kuti ana ali kwa oyandikana nawo. Anagwedeza mutu n'kunyamuka. Chakudza sichiimba ng'oma.

Titatuluka m'chipatala, mayi sanalowe m'nyumba. Anatsika minibasi, nayenda pang'onopang'ono atandigwira paphewa, molunjika kumunda. Tiyi anali wobiriwira modabwitsa, kubiriwira kwakuda, nsonga zili njo! ponseponse. Ine ndinasangalala. Ndinati, "Amayi, taonani, manyowa ophunzira aja agwira!" Iwo anawerama movutikira, nakankha udzu wa pansi pa tsinde limodzi. Pamene mvula sinafike bwino panali timibulu toyera ngati shuga, tina tosungunuka theka. Anayang'ana pa tsinde lina, n'chimodzimodzi. Lina, n'chimodzimodzi. Munthu anali atadutsa mzere ndi mzere, mosamala, osadumpha ngakhale tsinde limodzi.

Sitinachedwe kudziwa mwini wake. Madzulo a tsiku lomwelo amalume anatulukira pa njinga yawo yakapalasa, atavala jekete, nkhope ikuwala.

"Achemwali, mwauona munda?" anakuwa asanatsike n'komwe. "Ndinati mlongo wanga asafe ndi manyazi ine ndilipo. Zitosi za nkhuku, ngati mulibe abale! Thumba langa la feteleza wa yuleya lija ndinalandira la boma, lonse ndathira mmenemo. Ndekha, osatuma munthu."

Amene sanalimepo chimanga sangamvetse kukula kwa mawu amenewo. Kwathu thumba la feteleza wotsika mtengo munthu amalidikira chaka chathunthu, amaliimira pamzere padzuwa, amalibisa pansi pa bedi. Ndilo limanena ngati banja lidye mpaka kukolola kwina kapena liyambe maganyu mwezi wa Januwale. Anthu amabwerekana njinga, mbuzi, ngakhale malaya aukwati, koma feteleza ayi. Amalume anali ndi thumba limodzi lokha. Analimanga pa njinga, nalikankha mapiri onse aja a ku Thekerani, kudzalithira m'munda wa mlongo wawo wodwala, chimanga chawo chikudikira.

Ine magazi anandithamangira kumutu. Zaka zitatu! Ngalande ija, vetiva uja, kafungo ka m'zovala kaja! Ndinatsegula pakamwa kuti ndikuwe, ndipo kukuwa ndimakutha, koma mayi anandiponda chala chakuphazi ndi chidendene mpaka misozi inalengeza. Kenako, ndi mawondo otupa aja, ndi chifuwa chimene chinali chisanapole, anagwada pansi pa dothi lonyowa n'kuwomba m'manja.

"Zikomo achimwene," anakuwa kuti amve. "Mwandiveka. Mulungu akubwezereni pamene mwachotsa."

"Aa, dzukani, dzukani," anatero amalume, akuchita manyazi mokondwa. "Chibale n'chimenechi."

Anapha nkhuku mayi tsiku limenelo. Amalume anadya, nafotokoza kawiri katatu mmene anakankhira njinga pa chitunda, ndipo anagona kwathu. Ine nkhukuyo sindinaikhudze.

Atachoka m'mawa mwake ndinayamba. Ndinati munthu wamkulu amathira bwanji zinthu m'munda wa eni osafunsa? Ndinati kugontha si chifukwa, pakamwa ali napo. Mayi anandilola ndilankhule mpaka malovu anauma, akusenda chinangwa. Nditatopa ndinabwera ndi nzeru imene mpaka lero ndimaiona kuti inali yabwino ndithu.

"Amayi, waona ndani? Mvula igwa kawiri, timibulu tonse tisungunuka. Oyendera abwera miyezi ikubwerayo. Inu simunathire, simunatume munthu, munali pabedi m'chipatala. Tingokhala chete basi."

"Ndiye anthu akunjawo akamwe tiyi wa yuleya atalipira wa oganiki?"

"Akadziwa bwanji? Amanunkhiza?"

"Nanga anzanga a m'gulu? Masamba athu amalowa thumba limodzi. Akakayeza n'kupeza kanthu, agwa onse chifukwa cha ine." Anaponya chinangwa m'beseni. "Munda wadya, wadya. Sindingauimike pamaso pa anthu ngati sunadye."

Atakwiya mayi amasinthira ku Chilomwe, ndipo zotsalazo anandiuza m'Chilomwe. Sindizilemba pano.

Alangizi atabwera pa njinga yawo yamoto, mayi anawatengera okha kumunda n'kuwaonetsa timibulu timene anatola n'kusunga m'kabotolo. Mayi wamtali uja anakhala pa mzere wa vetiva, chipewa chili m'manja. Ankawakonda mayi anga, ndipo munda wathu ndi umene ankabweretsako alimi ena kudzaphunzira. Anafunsa ngati feteleza anagwera mbali imodzi yokha, kuti mwina apatule mbaliyo. Mayi anati ayi, achimwene awo sagwira ntchito yatheka. Alangizi anaseka, kenako anapukuta m'maso. Lamulo linali lomwe lija: kuyambiranso.

"Koma ndikupempha chinthu chimodzi," anatero mayi. "Achimwene anga asamve. Mukadzakumana nawo pano, muziti munda uli bwino."

Anayendanso khomo ndi khomo kwa anzawo a m'gulu ndi pempho lomwelo. Mudzi wathu susunga chinsinsi, nkhani ya m'mawa imafika kumsika dzuwa lisanatenthe, koma iyi anaisunga. Kugontha kwa amalume kunathandizako, komanso ndikuganiza kuti aliyense ankadziwa kulemera kwa thumba lija.

Chaka chimenecho minda ya anzawo inapambana. Zikwangwani zobiriwira zinaimikidwa uku ndi uku, kwathu kokha ayi. Tsiku limene anzawo anasenza madengu oyamba a oganiki, akuimba panjira, mayi anakhala m'nyumba n'kutseka chitseko. Ndinawamva akulira. Zinandipweteka kwambiri, ndipo ndinawakwiyiranso amalume mwatsopano. Koma mwezi womwewo tinamva kuti chimanga chawo ku Thekerani chabereka tizitsononkho tonga zala, ndipo akazi awo ayamba kale maganyu. Mkwiyo wanga unasowa pokhala. Mayi anatapa chimanga m'nkhokwe yathu n'kundituma nacho, nandilangiza kuti ndikanene kuti tiyi wabereka kwambiri chifukwa cha iwo, ili ndi gawo lawo. Amalume analandira monyadira ngati munthu wolandira malipiro ake.

Zaka zitatu zachiwirizo zinali zazitali kuposa zoyamba. Manyowa ophunzira ankabwerabe m'matumba awo a chidindo, koma tsopano wothira ndinali ine, mayi akulozera ndi ndodo ali pampando pamutu pa munda. Mawondo sanadikire kalasi. Poyamba ankatchola mizere ya kumtunda yokha, kenako mzere umodzi wa m'mphepete, kenako analekeratu kutsika. Sanadandaulepo za amalume ngakhale kamodzi. Ine ndikayamba, ankangoti, "Iwe, thira manyowa, pakamwa sipabiriwitsa tiyi." Amalume akabwera kudzacheza ndinkawalondola ngati mlonda, maso ali pa kaliyala wa njinga. Mwamwayi zaka zimenezo dzina lawo silinatuluke pa olandira feteleza.

Oyendera anabwera, anakumba dothi, anatenga masamba, anafunsa mafunso awo, ndipo patapita nthawi alangizi anafika ndi chikwangwani atachimangirira kumbuyo kwa njinga yamoto. Dengu loyamba ndinatchola ine. Mayi tinawanyamula pampando, ine ndi mwana wanga wamkulu, n'kuwakhazika pafupi ndi tsinde la m'mphepete. Anatchola nsonga zodzaza dzanja limodzi, masamba awiri ndi kansonga, mwaukhondo monga ankachitira kale, n'kuziponya m'dengu langa. Kusikelo sanapite. Ndinasenza ndine, ndipo njira yonse ndinkameza misozi, chifukwa si mmene iwo anafunira.

Madzulo kunabwera anthu, tinaphika mpunga ndi nyemba za kalongonda, ndipo amalume anafika ndi jekete lawo lija. Anaima patsogolo pa chikwangwani manja ali kumbuyo, akuchiyang'ana ngati amatha kuwerenga Chingerezi. Kenako anatembenukira kwa alangizi.

"Amayi, mundawu munauona mmene unalili? Chikasu chokhachokha! Pakadapanda ine, bwenzi chikwangwanichi chili kuno?"

Wina anatsokomola. Alangizi anayang'ana mayi, nayang'ana nsapato zawo, kenako anakuwa kuti, "Munagwira ntchito, bambo!"

"Ndiye mvetserani," anapitiriza amalume, atalimbikitsidwa. "Chaka chino dzina langa latuluka. Ndikangolandira thumba, ndibwera kudzathiranso. Achemwali musavutike, mzere uliwonse ndikuudziwa."

Mpunga unanditsamwa. Ndinati lero ndiye lero, zivute zitani ndiwauza. Ndinayang'ana mayi kuti andipatse mpata. Iwo sanandiyang'ane n'komwe. Anawakodola amalume kuti ayandikire, nawagwira dzanja, nayika pakamwa pafupi ndi khutu lawo labwinoko.

"Achimwene, feteleza wanu uja anali wamphamvu zedi. Mpaka lero munda sunamve njala. Alangizi akuti tikawonjezera wina tiyi apsa. Si choncho, alangizi?"

"N'zoona," anatero alangizi.

"Mwamva? Thumba limenelo mukathire chimanga chanu. Mukakolola mudzandigawireko, ine chimanga cha ku Thekerani ndimachikonda."

Amalume anaganiza pang'ono, kenako anagwedeza mutu mwaulemu. "Ndinadziwa," anatero. "Ndinathira ndi dzanja lodzaza."

Ndinawayang'ana mayi anga, munthu amene anataya zaka zitatu ndi mawondo ake pokana kungokhala chete pamaso pa alangizi, akunama bodza lamkunkhuniza pamaso pa mudzi wonse, diso lili gwa, osaphethira. Anthu atabalalika ndinawafunsa kuti kodi limeneli si tchimo.

"Ndi tchimo," anayankha. "Limenelo ndikayankha ndekha. Tapita ukawakulungire amalume ako mpunga wotsalawo, akadye ndi alamu anga."